Malisiti Olemera a Kalaliki

Kagudumu ka pa kompyuta kanali kuzungulirabe. Mawaya anakayang'anitsitsa, dzanja lili patsaya, kenako anaponya maso pa wotchi yapakhoma. Mphindi makumi awiri ndi zisanu zinali zitatha, pulogalamu yomwe a Kalaliki ankalembamo za ndalama zawo osatseguka ayi.

Dzina loti Mawaya anamupatsa ndi anthu a mumsewumo. Mayi ameneyu anali ndi kashopu kokonzera mafoni ndi makompyuta pakona, ndipo m'chikwama mwake, momwe anzake amasungamo mafuta odzola, iye ankasungamo mawaya. Koma m'mawa umenewu sanabwere kudzagwira ntchito yolipidwa. Anabwera chifukwa mlamu wake, mkazi wa malemu mchimwene wake, ankanenedwa kuti ndi wakuba, ndipo apolisi anali atanena kuti adzamutenga 3 koloko masana.

Mlamuyo ankasamalira a Kalaliki, nkhalamba yopuma pa ntchito ya ukalaliki, kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Anamupezera ntchitoyo ndi Mawaya yemwe. Tsono dzulo lake mwana wamkazi wa a Kalaliki, yemwe aliyense ankangomuti Aphunzitsi, anakatenga sitetimenti kubanki, n'kupeza zodabwitsa. Lachinayi lililonse kwa miyezi inayi, khadi la bambo ake linkatapa ndalama kawiri. Koyamba cha m'ma 9 koloko, ndipo zimenezo zinali zodziwika: mlamu ankatumidwa kukagula mankhwala ndi zapakhomo. Kachiwiri cha m'ma 11 koloko, ndipo zimenezo palibe ankazidziwa. Kuziphatikiza zonse, zinkakwana malipiro a mlamuyo a chaka chathunthu.

"Mukungotaya nthawi, mayi," anatero mkamwini wa pakhomopo, mwamuna wa Aphunzitsi, ataima kumbuyo kwake uku akuliza makiyi a galimoto. "Kompyutayi anaiwononga dala. Anaikamo vayirasi kuti madala asaone kuti ndalama zikutha."

"Mlamu wangayo? Amene foni yake ikangozima amabwera nayo kwa ine misozi ili lengelenge, ati yafa?"

"Anatuma munthu, nanga n'zovuta? Ine ndinanena kale mwezi watha kuti tiifufute yonse, tiyambirenso. Palibe anandimvera."

Mawaya anatembenuka pang'onopang'ono. "Munkafuna kuifufuta?"

Makiyi aja anasiya kulira. Mkamwini anati akukaona galimoto, n'kutuluka.

Vayirasi munalibe, ameneyo Mawaya anali atamusaka kale. Anatseka pulogalamu ija n'kukayang'ana fayilo yeniyeniyo, ndipo atawona kukula kwake anangoti, "Mayo ine!" Manambala okhaokha, ngakhale a zaka khumi ndi zinayi, salemera kuposa nyimbo zingapo. Fayilo iyi inali italemera magigabayiti oposa zana, kutsala pang'ono kudzaza kompyuta yonse. Chinachake chachikulu chinali chitalowa m'menemo. Koma chinthu cha eni suchiboola usanachikopere, choncho analumikiza kachipangizo kake kosungira zinthu n'kuyamba kukopera. Kompyuta inalemba kuti zitenga maola awiri. Nthawi inali itangokwana 12 koloko.

* * *

Mawaya anamupeza mlamu wake kukhitchini, atakhala pa kampando pafupi ndi sinki, manja ali pamiyendo. Mbale zonse zinali zotsukatsuka. Maso anali atatupa.

"Alamu, ndiuzeni za Lachinayi. Musasiye kanthu."

"Ndanena kale zonse, alamu," anayankha ndi mawu otsika. "Ndimatenga khadi m'chitini, ndimakatapa, ndimagula. Pofika 10 koloko ndabwerako. Ndimawapatsa bambo malisiti, khadi n'kulibweza m'chitini iwo akuona. Kenako ndimapita kuseri kukachapa zofunda."

"Chitinicho chimakhala kuti?"

"Patebulo pomwe pali kompyutapo."

"Kuseriko wina amakuonani?"

"Andiona ndani? Mpopi wokha."

"Simumva chilichonse? Munthu kulowa, kutuluka?"

"Madzi akamathira mu beseni sindimva kanthu." Anapukuta mphuno. "Ana ndawauza kuti ndikachedwa akagone kwanu. Sindinawauze chifukwa chake."

Mawaya anamuyandikira. Anafuna kumukumbatira, koma anadziwa kuti akangotero onse awiri alira mpaka 3 koloko ikwana. Anangomugwira paphewa n'kutuluka.

A Kalaliki anali pakhonde, atavala malaya ositasita, ndodo ili pakati pa mawondo. Munthu wamkuluyu makutu anali atayamba kuvuta, ndiye ankalankhula ngati akuitana wina kutsidya kwa msewu.

"Mwana wanga, ine chiyambire ntchito sindinalembepo nambala yopanda lisiti. Palibe lisiti, palibe nkhani! Lachinayi lililonse ndimayala malisiti patebulo, ndimajambula ndi foni, kenako madzulo ndimalumikiza waya, chithunzi n'kuchimata pa tsiku lake. Zaka khumi ndi zinayi, fayilo imodzi. Buku labwino silidulidwa."

"Inayamba liti kuchedwa, bambo?"

"Miyezi isanu yapitayo. Poyamba ndinkaiyatsa n'kumwa tiyi, n'kupeza yatseguka. Kenako tiyi ndi nyuzipepala. Sabata ino yakaniratu."

"Nambala yachinsinsi ya khadi amaidziwa ndani?"

"Ine ndi mayi uja basi. Komanso ndinailemba kunsi kwa chivindikiro cha chitini. Kalaliki sadalira mutu, amadalira cholembedwa."

Mawaya anatsinzina kaye. Kuika khadi ndi nambala yake m'chitini chimodzi, abale inu! Koma sanafune kuwachititsa manyazi.

"Lachinayi amabwera ndani pano?"

"Mkamwini amadutsa nthawi zina, ndi tsiku lake lopuma. Ndiye pali Lumo, wondimeta ndevu. Mnyamata waulemu ameneyo, sathamanga ngati anzake. Amafika 10 koloko, amandifunditsa thaulo lotentha, mpaka hafu pasiti leveni ali nane."

"Simugona akamakumetani?"

"Ine? Ndimangopumitsa maso."

Apa n'kuti Mawaya akuyang'ana geti. Geti limeneli analidziwa kuyambira kalekale. Linkalira ngati mwana wa mbuzi, moti anthu a nyumba yachitatu ankadziwa kuti kwa a Kalaliki kwalowa mlendo. Koma m'mawa uja polowa, silinalire.

"Geti lanu analithira mafuta ndani, bambo?"

"Lumo yemweyo, ndi mafuta a makina ake ometera. Osalipiritsa n'komwe! Anthu abwino alipobe, mwana wanga." Nkhalamba ija inaweramitsa mutu. "Ndimayesa mayi ujanso ndi mmodzi wa iwo."

* * *

Aphunzitsi anamukoka dzanja Mawaya m'kanjira kopita kuzipinda, n'kutseka chitseko. Mayi wolankhula molamula ngati ali m'kalasi, lero ankanong'ona.

"Achemwali, ndikufunseni ngati mkazi mnzanga. Mukapeza kanthu m'kompyutamo, mundiuze ine kaye."

"Mukuopa chiyani?"

"Bambo a kunyumbawa. Lachinayi sagwira ntchito. Makiyi a nyumba ino ali nawo. Ndiye chiyambire mwezi watha, nkhani yawo ndi imodzi: tifufute kompyuta, tifufute kompyuta. Ndi iwonso anathamangira kupolisi ine ndisanamalize n'kuwerenga komwe pepala lija. Usiku wa lero sindinaone tulo."

"Ndiye mukulola kuti mlamu wanga akagone m'chitokosi, inu mukukayikira amuna anu?"

Aphunzitsi anangoyang'ana pansi, ndipo Mawaya anatuluka mtima ukuwira. Anadutsa pa kompyuta. Kukopera kunali kusanafike n'pakati pomwe.

Kometera kwa Lumo kunali pansi pa msewu womwewo, moyang'anana ndi sitolo yomwe pakhoma pake panali makina otapira ndalama. Kuchokera kwa a Kalaliki, Mawaya anawerenga mphindi zisanu zoyenda osathamanga. Anamupeza mwini wakeyo akusesa tsitsi uku akuimba mluzu, munthu wamtali, wosekaseka, wa mkanda wagolide m'khosi.

"Aaa, a Mawaya! Mwabwera kuti tikuchepetseni m'mbalimu? Khalani, mpando ndi waulere, lumo ndiye lolipira."

"Mwamva za kwa a Kalaliki?"

"Ndamva, ndamva. Zachisoni, eti? Mayi wofatsa chonchija. Koma mtima wa mnzako ndi tsidya lina, a Mawaya."

"Inu mumachokako nthawi yanji Lachinayi?"

"Hafu pasiti teni ndili pano. Madala aja tsitsi lake lili kuti loti lindichedwetse? Ndevu zisanu ndi ziwiri, ndimachita kuzidziwa mayina." Anaseka yekha.

"Sagona mukamawameta?"

"Agone? Amakhala akundisimbira za ntchito yawo mpaka makutu kuwawa."

Mawaya anaseka nawo pang'ono, n'kutsazika. Nkhalamba ikuti hafu pasiti leveni, wometa akuti hafu pasiti teni. Ola lathunthu lasowa pakati, ndipo ndi ola lomwelo ndalama zinkatuluka. Koma ukauze Sajeni wa kupolisi zimenezo, adzangoti nkhalamba zimasokoneza nthawi. Geti lothira mafuta si mlandu. Mkamwininso anali asanayere. Mawaya anabwerera ali ndi anthu awiri owakayikira, umboni alibe ngakhale wa mmodzi, ndipo nthawi inali itadutsa 1 koloko.

* * *

Kukopera kunatha 2 koloko itapitirira ndi mphindi khumi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma tsiku limenelo kudekha kunali kowawa. Mawaya sanayesenso kutsegula pulogalamu. Analowera kukhomo la kuseri, momwe pulogalamuyo imasunga zithunzi zomatidwa, n'kuzisanja kuyambira chachikulu kutsika m'munsi.

Zithunzi za zaka zonse zija zinali zing'onozing'ono, mazanamazana. Koma pamwamba penipeni panali zinthu makumi awiri ndi chimodzi, chilichonse cholemera kuposa zithunzi zonsezo kuziphatikiza. Zonse za Lachinayi. Zonse za miyezi isanu yapitayi. Pa kachithunzi koimira chilichonse pankaoneka malisiti oyalidwa patebulo, bwinobwino. Koma sizinali zithunzi.

"Bambo!" anakuwa. "Foni yanuyo munaigula liti?"

A Kalaliki analowa ndi ndodo yawo, Aphunzitsi ndi mkamwini ali pambuyo. "Anandigulira mwana wangayu. Miyezi isanu yapitayo."

"Tandionetsani momwe mumajambulira."

Nkhalamba ija inatulutsa foni, n'kuloza patebulo, n'kudina kabatani kofiira kamodzi. "Basi, chalowa," inatero monyadira, n'kuigoneka foni chagada pafupi ndi chitini.

Mawaya anaitola. Pamwamba pake timanambala tinali kuyenda: sikisi, seveni, eyiti.

"Ikujambulabe, bambo. Foniyi inatsalira pa kanema chiigulireni. Mukadina kamodzi imayamba, ndipo siyima mpaka mutadinanso."

"Ndiye chifukwa chake ndikadzuka ndimaipeza yotentha ngati simbi?"

"Mukadzuka?" anafunsa Aphunzitsi. "Paja mumati simugona?"

"Ndiye chifukwa chakenso pulogalamu ikulephera," anapitiriza Mawaya. "Mwakhala mukuisenzetsa makanema a ola ndi theka, iyo n'kumayesa kuwanyamula onse potseguka. M'fonimo alimo?"

"Ndimafufuta ndikamaliza kumata. Imadandaula kuti yadzaza."

Ndiye kuti makanemawo anali atatsala malo amodzi okha padziko lapansi, mu fayilo yomwe mkamwini ankafuna kuifufuta. Mawaya anamuyang'ana. Munthuyo thukuta linali kamukamu pamphumi. Aphunzitsi anagwira mpando ndi manja awiri.

Panja panaima galimoto. Sajeni anali atafulumira ndi theka la ola.

* * *

Anali mayi wamfupi, wonenepa, wosakonda nkhani zambiri. "Woganiziridwayo ali kuti?" anafunsa asanakhale n'komwe.

"Ali kukhitchini, sathawa," anatero Mawaya. "Ndipatseni mphindi khumi zokha, bwana. Mukapanda kukhutira, mumutenge, inenso ndikwera nawo."

Sajeni anayang'ana wotchi yake, n'kukoka mpando. "Zisanu."

Mawaya anasankha Lachinayi la sabata yatha, tsiku lomwe sitetimenti inkaonetsa kuti ndalama zachiwiri zinatuluka mphindi zinayi itadutsa 11 koloko. Kanema anayamba ndi malisiti, kenako zonse zinagwedezeka, n'kutsala denga loyera ndi babu. Mawu a mlamu anamveka patali: "Khadi ndabweza, bambo, ndili kochapa." Chitseko cha kuseri chinatsekeka. Kenako kuseka kwa mwamuna, madzi kuthiridwa m'kambale, lumo kukwecha. Mawaya anathamangitsa kanemayo kutsogolo. Panamveka mkonono waukulu, wokoka ngati macheka.

"Ameneyo si ine!" anakuwa a Kalaliki.

"Khalani chete, bambo," anatero Sajeni.

Denga lija linada. Nkhope inaweramira patebulo, pamwamba penipeni pa foni: chibwano chachitali, mphuno, ndi mkanda wagolide ukulendewera mpaka kutsala pang'ono kukhudza galasi. Chivindikiro cha chitini chinalira, ngwee. Nkhope ija inachoka. Mapazi anayenda monyang'ama kulowera kukhomo, ndipo geti silinamveke.

Sajeni anali atatulutsa kabuku. Anawerengera kuchokera pomwe kanema anayambira: munthuyo anatuluka kutatsala mphindi zitatu kuti 11 koloko ikwane. Anabwerera patapita mphindi khumi ndi zinayi, akuimba mluzu chapansipansi. Chitini chinaliranso. Kenako mawu aulemu, okoma ngati uchi: "Tamaliza, bwana. Mwatchena ngati mkwati."

Anaonera Lachinayi lina, ndi linanso. Chimodzimodzi, mluzu wake womwewo.

"Ameneyu ndimupeza kuti?" anafunsa Sajeni akuimirira.

"Pansi pa msewu, moyang'anana ndi makina a ndalama."

"Zimenezi mundikoperere zonse, ndizitenga pobwerera." Atafika pakhomo anatembenuka. "Mayi ali kukhitchiniyo muwauze kuti ine ndilibe nawo mawu."

Aphunzitsi anangoti khu pampando, n'kuyamba kuseka misozi ikutsika. Kenako anamutembenukira mwamuna wake. "Nanga inu, chimene mumalimbikira kuti tiifufute n'chiyani? Mukudziwa zomwe ndakhala ndikuganiza ine?"

Mkamwini anakanda m'mutu. "Ndinatayira tiyi pa mabatanipo. Miyezi isanu yapitayo. Ndinapukuta msangamsanga, koma sabata yomweyo inayamba kuchedwa. Ndimayesa ndine ndinaipha, ndiye ndimati ikafufutidwa mwina ichira apongozi asanadziwe."

"Ndiye tiyi wanuyo mumafuna amulipire mlamu wanga?" anafunsa Mawaya.

"Za ndalamazo ndimakhulupiriradi kuti ndi iwo. Ndalakwa, mayi. Ndilibe pothawira."

Zotsalazo zinali ntchito wamba. Mawaya anasamutsa makanema onse kuwaika m'kachipangizo kake, zaka zakale n'kuzipatulira fayilo yakeyake, a Kalaliki akung'ung'udza kuti buku labwino silidulidwa. Atadina pulogalamu, inatseguka nkhalambayo isanamalize kung'ung'udzako. Foni nayo anaibweza pa zithunzi, ndipo chivindikiro cha chitini anachipala ndi mpeni mpaka nambala ija kufufutika.

A Kalaliki sanasangalale nazo kwenikweni. Anadzuka, n'kuyenda ndi ndodo yawo mpaka pakhomo la khitchini. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo analankhula motsitsa.

"Mayi, zaka zisanu ndi chimodzi simunasowetsepo ngakhale lisiti limodzi. Ine ndinali nazo zonsezo m'buku, koma dzulo ndinakhala chete. Mundikhululukire."

Mlamu uja anaimirira, n'kugwedeza mutu movomera. Mkamwini nayenso anabwera n'kupepesa zake, maso ali pansi. Onse atabwerera kuchipinda chodyera, Mawaya anatseka chitseko cha khitchini, n'kutsala awiriwiri.

"Zatha, alamu. Mukagona kwanu lero."

"Zoona?"

"Sajeni wanena yekha. Alibe nanu mawu."

Mlamu uja anapuma mpweya wautali ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni. Kenako anayamba kumasula mabatani a juzi yake. Anaivula, ndipo mkati munali juzi ina. Anavulanso imeneyo. Pansi pa diresi panali diresi lina, ndipo atawerama anasolola mswachi ndi kachidutswa ka sopo m'sokosi. Kunja dzuwa linali likuswa mtengo, iye atavala zonsezo kuyambira m'mawa.

"Alamu, zimenezi n'chiyani?"

"Anandiuza kuti kumeneko kumazizira, ndipo salola chikwama." Anayang'ana mulu wa zovala uja, n'kuyamba kuseka, kuseka kuja n'kusanduka kulira. Mawaya anamukumbatira, ndipo ulendo uno sanadziletse. Analira onse awiri ataima pafupi ndi sinki, mpaka mlamu anapukuta maso ndi juzi imodzi ija.

"Ndibwerekeni foni, alamu," anatero. "Ndiwauze ana kuti asanyamule mabulangete. Ndikubwera."